Mnzathu Waulumali Akavutika Pagulu: Kumuthandiza Bwino ndi Kuyamikira Amene Wathandiza

Kabukuka ndi ka yani?

Kabukuka talembera mabanja a m'midzi ndi m'maesiteti a fodya m'boma la Kasungu, kuchokera ku Santhe kukafika ku Nkhamenya, ku Chamama mpaka kwa Chulu. Muli nkhani ziwiri zoyendera limodzi: zoyenera kuchita munthu waulumali akapanikizika pagulu, ndi momwe banja ndi mudzi zingayamikirire munthu wongodzipereka amene wamuthandiza.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wina wake. Ena saona, ena samva, ena amavutika kuyenda, ena amachedwa kumvetsa zinthu kapena kulankhula. Palinso odwala khunyu, achialubino, ndi okalamba amene ayamba kuiwalaiwala. Palibe mudzi umene ulibe mmodzi wa anthu amenewa.

Kuno kwathu fodya amawonjezera chiopsezo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi aliyense amakhala kumunda kapena m'chigafa, kuthyola, kusoka ndi kupachika, ndipo mwana wofunika kumuyang'anira amatsala ndi ana anzake. Kumene amawotcha fodya m'mabani, moto umayaka usiku wonse. Misika ya fodya ikatsegulidwa, malole akayamba kutsanulira mabelo ku Chinkhoma, pamatauni pathu pamadzaza anthu, phokoso ndi mowa. Komanso mabanja ambiri ogwira ntchito m'maesiteti anachokera kutali, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Mangochi. Mwana wawo akavutika panjira palibe atsibweni ake kapena azakhali ake omudziwa. Amene amupeze ndi mlendo, ndipo mlendoyo akhoza kukhala inuyo.

Kuthandiza bwino kumaoneka bwanji?

Tiyerekeze kuti ndi tsiku la msika. Mnyamata wa zaka 12 amene salankhula wabwera ndi mayi ake. Mayi awerama kusankha kaunjika, mnyamata wasuntha pang'ono. Wogulitsa mafoni wakweza chimkuzamawu, njinga yamoto yaliza huta pafupi ndi khutu lake. Mnyamata wakhala pansi pakati pa njira, watseka makutu ndi manja, akukuwa, akumenyetsa mutu pansi. Anthu aunjikana. Wina akuti ndi mizimu, wina akuti n'chipongwe angomukwapula, wina watulutsa kale foni.

Mayi wina wogulitsa tomato, amene amathandiza kusukulu ya mkombaphala m'mudzi mwawo, asiya malonda awo. Sakuthamanga. Akufika n'kunena motsitsa mawu, "Abale, tafutukani pang'ono mwanayu apume." Akutembenukira kwa wamafoni uja: "Achimwene, chonde tatsitsani kaye wailesiyo." Akuvula chitenje chapamwamba, kuchipinda kanayi, n'kuchiika pamene mutu ukugunda. Akukhala pansi chapambali pa mnyamatayo, osamugwira, osamuyang'anitsitsa m'maso. Akutuma mtsikana kukafunafuna mayi ake. Kenako akungodikira. Patapita kanthawi kukuwa kukuchepa, manja akuchoka kumakutu. Mayi a mwana akufika akunjenjemera ndi manyazi, ndipo akumva mawu awa: "Amayi, musadandaule. Khalani naye apa pamthunzi mpaka mtima ukhale pansi."

Woonerera patali anganene kuti mayi watomatoyu sanachite kanthu. Sananyamule munthu, sanapereke mankhwala. Koma anachotsa phokoso, anateteza mutu wa mwana, analetsa chikoti, ndipo anasunga ulemu wa banja. Pobwerera pamalonda apeza ogula apita kwina. N'chifukwa chake ntchito yotereyi imapita yosayamikiridwa: yochitidwa bwino siioneka.

Ndondomeko yothandizira munthu amene wasokonezeka, wachita mantha kapena akukuwa

1. Imani kaye, muone. Kodi pali galimoto, moto, chitsime, mpeni? Chotsani choopsacho. Munthuyo musunthireni pena pokhapokha ngati moyo wake uli pachiswe pamene alipo.
2. Alankhule munthu mmodzi yekha. Anthu asanu akamafunsa mafunso nthawi imodzi, mantha amakula.
3. Balalitsani gulu mwaulemu. Apatseni zochita: wina akatunge madzi, wina akaitane achibale, wina aimitse njinga ndi magalimoto.
4. Chepetsani phokoso. Pemphani azimitse wailesi, asiye kuliza mahuta.
5. Tsikani mufanane naye msinkhu. Khalani pansi kapena gwadani chapambali pake, osati kutsogolo komutsekera njira.
6. Dzitchuleni dzina, mulankhule mawu ochepa ndi ofatsa: "Ndine mnzako. Ndili pano. Palibe akumenye." Ngati ndi wamkulu, mulemekezeni ngati wamkulu: "Abambo", "Amayi", "Agogo".
7. Musamugwire musanapemphe. Anthu ena, makamaka ana amene ali ndi vuto la autism, kugwidwa mwadzidzidzi kumawapweteka ndipo amamenya podziteteza. Ngati akudzipweteka, ikani chitenje, jekete kapena thumba pakati pa thupi lake ndi pansi.
8. Dikirani. Iyi ndiyo mbali yovuta, chifukwa mtima umafuna kuti zithe msanga. Musamufunse chifukwa chake wachita zimenezi. Iyenso sanafune.
9. Akadekha, mupatseni madzi ndi pamthunzi. Funsani kwawo, dzina la mfumu yake, dzina la womusamalira. Onani ngati ali ndi kapepala m'thumba kapena buku lakuchipatala.
10. Musamusiye yekha mpaka afike m'manja mwa achibale, mfumu, azaumoyo kapena apolisi.

Yesani chilankhulo chimene amamva kunyumba. Kumpoto kwa boma lino, monga kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, ambiri ndi a Chitumbuka, ndipo m'maesiteti muli a Chiyao ndi a Chilomwe. Munthu wamantha amamva msanga mawu a kwawo.

Chenjezo. Bambo kapena mnyamata akapeza mtsikana kapena mayi ali m'mavuto otere, aitane mayi wina kuti akhalepo, ndipo athandizire poonekera. Atsikana aulumali amagwiriridwa kwambiri ndi anthu onamizira kuwaperekeza. Lamuloli limateteza mtsikanayo, limatetezanso wothandizayo ku mabodza.

Chenjezo lina. Ngati munthu wanyamula chikwanje, khasu kapena mwala ndipo akuopseza, musayese ungwazi. Talikirani, chotsani ana, msiyireni njira yotulukira, ndipo itanani achibale, apolisi ndi azaumoyo. Kumumenya kapena kumumanga ndi zingwe pamtengo si chithandizo.

Munthu akagwa khunyu

Apa tikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu abwinobwino amathawa mnzawo akufa. Khunyu ndi matenda a mu ubongo. Amatha kubwera mwana akavutika pobadwa, akadwala malungo aakulu ofika ku ubongo, akadwala matenda oumitsa khosi, kapena munthu akavulala m'mutu. Khunyu sapatsirana. Simungatenge pokhudza thovu lakukamwa, mkodzo, kapena wodwalayo akaphwisa. Chikhulupiriro chimenechi n'chimene chasiya anthu ambiri ndi zipsera zoopsa: munthu wagwera pamoto, ena aima potero kuopa kumugwira.

Zochita:

1. Ngati wagwera pamoto kapena m'madzi, mukokeni nthawi yomweyo.
2. Chotsani miyala, mafuwa, makasu ndi njinga pafupi naye.
3. Ikani chinthu chofewa kunsi kwa mutu. Masulani kolala kapena mpango wapakhosi.
4. Onani nthawi pafoni kapena pawotchi pamene wayambira kuphupha.
5. Kuphupha kukatha, mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke, apume bwino.
6. Ngati wadzikodzera, mufundeni chitenje mwakachetechete. Akadzuka amakhala wotopa ndi wosokonezeka. Muuzeni mofatsa kumene ali ndi zimene zachitika.

Zosachita:

- Musaike supuni, kamtengo kapena chala m'kamwa mwake. Munthu sangameze lilime lake, koma supuni imathyola mano.
- Musamupanikize manja ndi miyendo kuti asiye kuphupha.
- Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala asanatsitsimuke bwinobwino. Angatsamwe.
- Musamufukize utsi, musamununkhitse nsapato kapena tsabola, musamuthire madzi kumaso.

Thamangirani naye kuchipatala ngati kuphupha kwapitirira mphindi 5, ngati wagwanso asanatsitsimuke, ngati n'koyamba, ngati wavulala kapena anagwera m'madzi, ngati ndi mayi woyembekezera, kapena ngati ndi mwana amene watentha thupi.

Akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Chotsani mphete ndi zibangili chala chisanatupe, koma nsalu yomatirira pakhungu isiyeni. Fundani ndi nsalu yoyera, mupite kuchipatala. Musapake mazira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano, phulusa kapena ndowe.

Mawu kwa alimi ndi akapitao: kusagona, njala, mowa ndi kudumphitsa mankhwala zimadzutsa khunyu. Wodwala khunyu asapatsidwe ntchito yosonkhezera moto pabani usiku, kapena yokwera m'mwamba kupachika fodya. Ntchito zina zilipo zambiri, monga kusoka, kusankha ndi kumanga mindindi, ndipo amazigwira bwino ngati wina aliyense. Mankhwala monga phenobarbital ndi carbamazepine amathandiza ambiri kukhala nthawi yaitali osagwa, bola amwedwe tsiku lililonse. Nyengo yotanganidwa isakhale chifukwa chophonyera tsiku lokatenga mankhwala.

Ena ofunika kuwadziwa

*Wosaona amene wasokera.* Yambani mwalankhula musanamugwire. Funsani, "Ndikuthandizeni?" Akavomera, iye ndiye agwire chigongono chanu, inu mutsogole pang'ono n'kumamuuza za dzenje, mlatho kapena masitepe. Musakoke ndodo yake. Pochoka muuzeni kuti mukuchoka, asatsale akulankhula yekha.

*Wosamva.* Imani pamene akuoneni nkhope, powala. Kukuwa sikuthandiza. Lozani, gwiritsani ntchito manja, lembani papepala, pafoni kapena pansi. Kumbukirani kuti samva huta: anthu ena anyozedwa ndi kumenyedwa ndi akabaza powayesa amwano.

*Woyenda pachikuku kapena ndi ndodo amene wagwa.* Mufunseni momwe amafunira kudzutsidwa, chifukwa thupi lake amalidziwa yekha. Musakankhe chikuku asanakuuzeni.

*Wachialubino.* Dzuwa la kumunda limamuotcha khungu ndipo maso ake saona bwino patali. Mupezereni mthunzi ndi chipewa. Koma choopsa chachikulu ndi anthu. Kasungu sangaiwale mwezi wa Epulo 2016, pamene kamtsikana kachialubino kosakwana zaka ziwiri kanabedwa m'nyumba usiku n'kuphedwa. Mukaona mwana wachialubino ali yekha panjira, kapena anthu achilendo akufunsafunsa za iye, muperekezeni mpaka pakhomo, ndipo mudziwitse mfumu ndi apolisi tsiku lomwelo.

*Wokalamba woiwala, kapena wodwala maganizo, amene wapezeka usiku pamudzi wa eni.* Uyu moyo wake umakhala m'manja mwa munthu woyamba kulankhula. Akayamba wina kufuula kuti mfiti kapena wopopa magazi, miyala imatsatira. Mu Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zili mkati, ku Blantyre gulu linapha mnyamata amene pambuyo pake apolisi ananena kuti anali wodwala khunyu. Lamulo la dziko lino la zaufiti, la 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mukapeza munthu wotere, lankhulani msanga ndi mokweza: "Awa ndi odwala, asokera. Tiwatengere kwa amfumu." Ndipo muwatengeredi.

Zolakwika zimene timachita kawirikawiri

- Kujambula ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp kapena pa Facebook. Vuto limatha pa mphindi khumi, kanema amakhalapo zaka.
- Kuitana munthu ndi ulumali wake: chitsiru, wozerezeka, gonthi, napweri. Ali ndi dzina ndi mfunda wake. Mfunseni.
- Kulankhula ndi womuperekeza ngati mwini wake palibe.
- Kudzudzula mayi pagulu kuti sanalere bwino mwana. Mayi ameneyu mwina sanagone usiku wathawu.
- Kuyamba mapemphero aphokoso momuzungulira munthu amene phokoso ndilo lamusokoneza. Pempherani chamumtima, kapena pambuyo pake banja likafuna.
- Kumutsekera m'nyumba mawa lake kuti zisadzachitikenso. Mwana wosatuluka sazolowera anthu, anthunso samuzolowera.

Banja likonzekere

Lembani kapepala: dzina la munthuyo, mudzi, gulupu, nambala ya foni ya womusamalira, matenda ndi mankhwala amene amamwa. Kakulungeni m'pulasitiki, mukasokere m'thumba la malaya amene amakonda kuvala. Auzeni anansi, aphunzitsi, akapitao ndi ogulitsa pagolosale yapafupi zimene zimamusokoneza ndi zimene zimamutonthoza. Kubisa kumaoneka ngati kuteteza, koma tsiku la vuto anthu osadziwa ndiwo amalakwitsa. Tchingani pamoto, vundikirani chitsime, ndipo wodwala khunyu asapite yekha kudambo, kudamu kapena kumtsinje. Popita kumsika sankhani m'mamawa anthu asanachuluke.

Kuyamikira amene wathandiza

Anthu ongodzipereka tili nawo ambiri: amayi a kumkombaphala, a m'magulu a amayi kusukulu, achitetezo cha m'mudzi, mavolontiya a Red Cross, amvano ndi amabungwe ena a m'mipingo, achinyamata a kumzikiti, a komiti ya zaumoyo. Ena alibe gulu lililonse, ndi wakabaza chabe amene anatsitsa katundu wolipiridwa n'kunyamula wodwala. Ambiri mwa iwowa salandira malipiro. Nyengo ya fodya, ola limodzi lotayika limaoneka pamasamba amene apsa m'munda osathyoledwa.

Kuyamikira kuli ndi ntchito zitatu. Kumamulimbitsa mtima wothandizayo kuti mawa adzaimenso. Kumaphunzitsa mudzi, chifukwa anthu amatengera chimene aona chikulemekezedwa. Ndipo kumauza banja la waulumali kuti mudzi ukuwerengera mwana wawo ngati munthu wofunika kumuimira. Mfumu ikaimirira pabwalo n'kuthokoza amene anakoka wakhunyu pamoto, yaphwanya bodza la kupatsirana kuposa momwe kabuku aka kangachitire, chifukwa onse akumuona wokokayo ali bwinobwino.

Nayi ndondomeko yake:

1. Banja lipite msanga. Tsiku lomwelo kapena mawa lake, pitani pakhomo pake. Ngati wothandizidwayo angathe ndipo akufuna, apite nawo, athokoze yekha mwa njira yake, ngakhale ndi kugwirana chanza kokha. Musadikire kuti mupeze mphatso. Mawu oti "Amayi, dzulo munatichotsa manyazi, zikomo" ndi okwanira poyambira.
2. Tchulani chenicheni chimene anachita. Kungoti "ndinu abwino mtima" sikuphunzitsa aliyense. Nenani kuti, "Munabalalitsa gulu, munaika chitenje kunsi kwa mutu, simunamusiye mpaka tinafika." Wothandizayo amadziwa kuti mwaonadi, omvera amadziwa chochita.
3. Bwezani zimene anawononga. Funsani za ndalama ya kabaza, mayunitsi, chitenje chimene chinada kapena kupsa, ganyu amene anamuphonya. Ambiri amakana mwaulemu. Ngati banja lilibe ndalama, bwezani ndi manja: tsiku limodzi lomuthandiza kuthyola kapena kusoka fodya, kupalira, kumweta udzu wa chigafa. Nkhuku, mbale ya mtedza kapena dengu la mbatata zilinso ndi ulemu wake. Ngati banjalo ndi losowa kwambiri, limana kapena gulu la banki m'khonde lisenze mbali imeneyi.
4. Pemphani chilolezo musanatulutse nkhani pagulu. Funsani wothandizidwayo ndi banja lake, mufunsenso wothandizayo. Ena safuna kutchulidwa. Nkhani ingathe kukambidwa popanda dzina la wodwala komanso popanda zochititsa manyazi monga kudzikodzera.
5. Dziwitsani mfumu ndi atsogoleri. Nyakwawa kapena gulupu athokoze pamsonkhano wa mudzi, abusa kapena ashehe pamapemphero, mphunzitsi wamkulu pamzere wa m'mawa ngati wothandizayo ndi mwana wasukulu. Kuomba m'manja ndi nthungululu sizifuna ndalama.
6. Lembani kalata. Wapampando wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, mfumu kapena mkulu wa chipatala chapafupi alembe mizere yochepa yonena tsiku ndi zimene munthuyo anachita, asaine ndi kudinda chidindo. Kwa wachinyamata amene akufunafuna ntchito kapena maphunziro, pepala lotere ndi lamtengo kuposa sopo. Komiti ilembenso m'kaundula wake, kuti mabungwe akadzafuna anthu oti aphunzitsidwe, mayina achokere mmenemo, osati kwa achibale a atsogoleri.
7. Mpatseni mpata aphunzitse ena. Pamsonkhano womwewo aonetse momwe amagonekera munthu chammbali, wina adziyerekeze kugwa. Itanani mlangizi wa zaumoyo kuti akonze pamene palakwika.
8. Mumvereni. Amene waona munthu akupsa, kapena waima pakati pa gulu lolusa ndi nkhalamba, amatha kusowa tulo masiku angapo. Mufunseni patapita sabata, "Nanga inuyo muli bwanji?"

Masiku awiri oyandikana angathandize mudzi kuchita zimenezi chaka ndi chaka: pa 3 Disembala dziko lonse lapansi limakumbukira anthu aulumali, ndipo pa 5 Disembala limakumbukira anthu ogwira ntchito mongodzipereka. Ndi nthawi yowokera fodya, anthu amakhala otanganidwa, choncho musakonze chimwambo. Mphindi zochepa pambuyo pa mapemphero a sabata imeneyo n'zokwanira.

Kuyamikira kolakwika

Kuyamikira kumathanso kupweteka. Choipa kwambiri ndi kuimika waulumali kutsogolo kwa gulu kuti anthu amuone uku wothandiza akuomberedwa m'manja. Tsiku limenelo mmodzi wakwezedwa, wina watsitsidwa. Musanene mawu ngati "anadzipereka kugwira munthu amene tonse timanyansidwa naye". Wothandizayo anachita bwino chifukwa anaona munthu mnzake, ndipo mawu othokoza asafafanize zimenezo.

Pewaninso izi:

- Kuyamikira okhawo ovala malaya a mabungwe, n'kuiwala mtsikana wa sitandade 7 amene amaperekeza mnzake wosaona tsiku lililonse.
- Kuiwala kuti aulumali nawonso amathandiza. Nthawi zambiri amene amadziwa kutonthoza wakhunyu ndi wakhunyu mnzake, ndipo amene angamasulire zonena za mwana wosamva ndi wosamva wamkulu.
- Kuiwala mayi, agogo kapena mlongo amene amasamalira munthuyo usana ndi usiku. Mlendo anathandiza ola limodzi, iwo athandiza zaka. Athokozedwe limodzi.
- Kumusandutsa wothandizayo kapolo wa mudzi. Akangodziwika, aliyense amati "kaitaneni uja", ngakhale pakati pa usiku. Posakhalitsa amatopa n'kusiya. Pamudzi pakhale anthu atatu kapena anayi odziwa, azisinthana.
- Kulonjeza njinga, maalawansi kapena ntchito zimene simungakwanitse.
- Kulola miseche yoti "akudyapo". Mfumu inene poyera kuti munthuyu salandira kanthu.
- Kupereka mwambowo kwa andale kuti ajambulitsirepo.

Ndipo ngati wothandiza analakwitsa pena, mwina anaika supuni m'kamwa chifukwa ndi zimene anaphunzira kwa makolo, musamunyoze pagulu. Mthokozeni chifukwa sanathawe, kenako mumuonetse njira yoyenera pambali.

Kumene mungapeze thandizo

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi chipatala chaching'ono chapafupi. Matenda a khunyu ndi a maganizo amaonedwa pachipatala chachikulu cha boma ku Kasungu, ndipo palinso zipatala zamishoni monga cha Nkhamenya ndi cha St Andrew's ku Mtunthama. Odwala maganizo ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Za sukulu, funsani mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi wa maphunziro wa m'zoni yanu. Ana osaona ali ndi sukulu yawo ku Chilanga, konkuno ku Kasungu, ya mpingo wa CCAP sinodi ya Nkhoma. Za zikuku, ndodo ndi maphunziro a ntchito zamanja, funsani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, akulumikizeni ndi bungwe la MACODA, lomwe ambiri tikulitchulabe kuti MACOHA. Dzina latsopanoli linabwera ndi lamulo la 2024 loona za anthu aulumali. Makolo a ana aulumali ali ndi bungwe la PODCAM, achialubino ali ndi APAM, osamva ali ndi MANAD, osaona ali ndi Malawi Union of the Blind, ndipo FEDOMA ndi mgwirizano wa mabungwe oterewa.

Ngati waulumali wamenyedwa, wagwiriridwa, wamangidwa zingwe kapena akuopsezedwa, pitani kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Ngati ndi mwana, imbaninso 116, nambala yaulere yothandiza ana. Wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, ndipo nkhani yotere isathere pabwalo la mfumu ndi chindapusa cha mbuzi.